Funsani Ankolo: zithunzi zonamiza maso, ndi matsenga kapena luso?

Mwezi uno mafunso ambiri amene mwatumiza akuzungulira nkhani imodzi, ya zithunzi zomwe zimanamiza maso, ndiye ndati tiwatenge pamodzi. Koma tisanalowe tengani kaye pepala ndi bolopeni. Jambulani kamtanda kumanzere, kadontho kakuda kumanja, pakati pake pakhale masentimita 8. Tsinzinani diso lakumanzere, lakumanja liyang'ane pa kamtanda osasuntha, kenako muzisendeza pepala kumaso pang'onopang'ono. Likafika cha pa masentimita 30 kadontho kaja kazimirira. Pamene mtsempha umatulukira m'diso kupita ku ubongo palibe tizigawo toonera, anazitulukira ndi Edme Mariotte wa ku France m'zaka za m'ma 1660. Chomwe ine chimandigwira mtima ndi chakuti pamalopo simuonapo bowo, mumaona pepala loyera bwinobwino, ubongo wamatapo wokha osakuuzani. Diso limatumiza nkhani yoperewera, ubongo umamalizitsa potengera zomwe unazolowera, ndipo wojambula amene wadziwa zimenezi wapeza chida china choposa bulashi.

*Ankolo, ine ndimalemba zikwangwani kuno ku Matero, ma shopu, ma saluni, ma butchala, nthawi zina ndi ma minibasi omwe. Tikamaonera mpira wa ku England pambali pa golo pamakhala chikwangwani chooneka ngati chaimirira koma wosewera amathamanga pamwamba pake osapunthwa, anzanga akuti ndi kompyuta chabe. Manje kasitomala wina wa kashopu ka madrinki akufuna ndimujambulire botolo pa simenti pakhomo looneka ngati laima, ndayesa kawiri likungooneka logona ndipo penti ikutha. Ndipange bwanji?*
Wolemba zikwangwani, Matero

Mphwanga, anzakowo sanalakwe kotheratu, zotsatsa zina masiku ano amaziikadi ndi kompyuta, koma zambiri za pambali pa golo zija ndi kapeti yogona pa udzu, yosindikizidwa mopotoka dala kuti iongoke pamalo amodzi okha, pomwe pali kamera yaikulu ya bwalolo. Munthu wokhala kuseri kwa golo amangoona zilembo zokokeka ngati zasungunuka. Nzeruyi ndi yakale kwambiri. Mu 1533 Hans Holbein anajambula akazembe awiri ovala bwino ndipo pansi pakati pawo anaikapo chinthu chotalika chopingasa chosadziwika mutu wake, ukaima kumbali yakumanja pafupi ndi khoma n'kuchiyang'ana cham'mbali chimasanduka chigaza cha munthu. Chithunzicho chili ku National Gallery ku London mpaka lero.

Botolo lako likugona chifukwa ukulijambula ngati ukujambula pa khoma. Pansi pali lamulo lina. Choyamba sankha malo amodzi oimapo munthu, uikepo chizindikiro ndi penti, chifukwa chithunzi cha mtundu uwu chimagwira pamalo amodzi basi. Tiye tiwerengere limodzi. Diso la munthu wamkulu tinene lili pa mita 1.6 kuchokera pansi, botolo ukufuna lioneke lalitali masentimita 80 litaima mamita 3 kutsogolo kwake. Mzere wochoka pa diso kudutsa pa chitsekerero cha botolo ukakhudza pansi pa mamita 6. Ndiye kuti botolo lako liyambire pa mamita 3 likathere pa mamita 6, likhale lalitali mamita 3 athunthu pa simenti, ndipo kumutu kwake ulikulitse kawiri m'lifupi kuposa mmene likanakhalira. Ukaliona uli pambali liziwoneka ngati chinthu cholakwika, usachite mantha n'kuyamba kukonza, pamenepo ndi pomwe ambiri amaonongera.

Ngati masamu akukutopetsa pali njira ya m'komboni yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse. Dula botolo pa chikatoni, kukula kwake kwenikweni komwe ukufuna lioneke, uliimike ndi njerwa pamalo pake. Dikira kude, ndipo usiku wopanda magetsi ndiye wabwino koposa. Mangirira tochi ya foni pa ndodo pa msinkhu wa diso, pachizindikiro paja. Chithunzithunzi cha chikatoni chikagwa pa simenti, tsata m'mphepete mwake ndi choko, ndiye botolo lako limenelo. Kuwala kwa tochi kumayenda njira yomweyo yomwe diso limaonera, wangolitembenuza chabe. Ukaboola timabowo pa chikatoni pomwe pali lebulo ndi khosi, kuwala kukusonyeza pomwe zigwere pansi. M'mawa kukacha paka penti, uzibwerera pachizindikiro pafupipafupi kukasuzumira ndi kamera ya foni.

Ndipo usaiwale mthunzi. Botolo lopanda mthunzi limayandama, ukalipatsa mthunzi wakuda pansi pake wopita mbali imodzi, ndi kamzere koyera kowala m'mbali ina, limakhazikika pansi nji. Ubongo wathu unazolowera kuti kuwala kumachokera kumwamba, dzuwa lili kumwamba, babu lili kudenga, ndiye ukaona powala pamwamba pakuda pansi umati chatukuka, ukaona zosiyana umati ndi dzenje. Umuuziretu kasitomala kuti pa foni liziwoneka bwino kuposa pamaso, chifukwa maso awiri atalikirana masentimita 6 ndi kanthu ndipo akafananitsa zomwe akuona amagwira bodzalo, pamene kamera ili ndi diso limodzi. Kwa iye zili bwino, achinyamata akamajambulitsa pamenepo n'kuika pa Facebook shopu yatchuka. Chimodzi chokha ndikupemphe, usajambule dzenje kapena mwala pa msewu wa galimoto. Ku Ísafjörður ku Iceland mu 2017 anapenta powolokera anthu pooneka ngati mizere yoyera ija ikuyandama kuti madalaivala azichepetsa liwiro, koma anachita ndi akuluakulu a tauni, osati munthu payekha usiku. Dalaivala wa minibasi akakhotetsa mwadzidzidzi kuthawa dzenje la penti akhoza kupweteka mwana wa eni.

*Ankolo ine ndine telala, nsalu ndimaoda ku Kamwala. Ndinasokera amayi ena diresi ya kitchen party, chitenge cha buluu ndi kansalu kotuwa m'khosi ndi m'manja komwe anasankha okha. Atabwera kudzatenga anakalipa kuti ndasinthanitsa, akuti kansalu kawo sikanali kachikasu chonchi. Ine sindinasinthe olo pang'ono, mpaka ndinalira. Chinachitika ndi chiyani? Komanso ndifunse, mizere yopingasa imanenepetsadi?*
Telala, Chilenje

Achemwali pepani, kunamiziridwa kuba pa ntchito ya manja ako kumawawa. Simunasinthe kanthu, komanso amayiwo sananame, anaonadi chikasu. Mtundu suoneka pawokha, umaoneka molingana ndi mnzake woyandikana naye. Kotuwa kakakhala pakati pa buluu wowala diso limakakankhira ku chikasu kapena olenji, kakakhala pakati pa zofiira kamaoneka kobiriwirako. Dandaulo ngati lanuli linachitikapo ku Paris pa fakitale ya Gobelins yoluka nsalu zokongoletsa makoma. Oluka ankati utoto wakuda wa pafakitalepo ndi wofooka, ndiye Michel Eugène Chevreul amene anali mkulu woona za utoto kuyambira 1824 anauyeza n'kupeza kuti utoto ulibe vuto, ulusi wakudawo umafooka ukalukidwa pafupi ndi buluu kapena pepo. Zomwe anapeza anazisindikiza mu 1839, ndipo ojambula anazitola. Georges Seurat m'zaka za m'ma 1880 ankadontheza timadontho ta mitundu yosiyana moyandikana m'malo mosakaniza penti yonse pa mbale, kuti kusakanizako kukachitikire m'diso la woonera.

Yesani nokha ndi mbendera yathu, yang'anitsitsani pobiriwira masekondi 30 osaphethira kenako muyang'ane khoma loyera, muona pinki. M'diso muli mitundu itatu ya tizigawo toona mitundu, tina tikatopa tinzake timapambana kwa kanthawi.

Pali ndi nkhani ya kuwala. Mkati mwa shopu pansi pa babu nsalu imaoneka mwina, panja pa dzuwa la Okutobala imaoneka mwina. Mukukumbuka diresi ija inazunguza anthu pa intaneti mu 2015, ena akuti yoyera ndi golide ena akuti ya buluu ndi yakuda? Inali ya buluu ndi yakuda, koma ubongo wa munthu aliyense unkaganiza mosiyana za kuwala komwe chithunzicho chinajambulidwira. Ndiye kuyambira pano kasitomala akasankha nsalu ziwiri, zisanjikizeni pomwepo iye akuona, mutuluke nazo panja, ndipo mudule kachidutswa ka iliyonse mumupatse asunge mu handibagi. Akadzabwera ndi mkwiyo mungotenga kachidutswa kake n'kukagoneka pakhosi pa diresi, kasintha mtundu iye akuona.

Za mizere, anthu amanena mosinthanitsa. Hermann von Helmholtz analemba kale mu 1867 kuti bokosi la mizere yopingasa limaoneka lalitali ndi lowonda kuposa la mizere yoimirira, ndipo Peter Thompson wa ku yunivesite ya York atayesa ndi zithunzi za anthu ovala anapeza zomwezo. Kusiyanako ndi kochepa, kasokedwe kanu ndi komwe kali ndi mphamvu. Chomwe muziwachenjeza a pa ukwati ndi timizere ting'onoting'ono tothinana, pa vidiyo timavina n'kutulutsa mafunde omwe pa nsalu palibe.

*Ankolo mwana wanga wa giredi 9 ali ndi chithunzi mu foni cha zozungulira ngati njoka zodzikulunga, ndikachiyang'ana zikuyenda koma akuti si vidiyo. Manje wayamba kujambula zotero m'makope, mizere yakuda ndi yoyera yochititsa chizungulire. Anzanga ku tchalitchi akuti ndimuletse. Sizoipa izi?*
Mayi wodandaula, Chawama

Amayi mtima pansi. Chithunzi cha njokacho anachipanga Akiyoshi Kitaoka, mphunzitsi wa yunivesite ya Ritsumeikan ku Japan, mu 2003. Anandandalika mitundu inayi mobwerezabwereza, wakuda, buluu, woyera, wachikasu. Ubongo umalandira msanga mbali zosiyana kwambiri kuwala ndipo zinazo zimafika mochedwerako pang'ono, kuchedwako umakutenga ngati kuyenda, makamaka diso likamadumphadumpha kapena kuphethira. Yang'anitsitsani pakati pa njoka imodzi osasuntha diso, iima, zoyenda zitsala za m'mbali. Muwasonyeze anzanuwo ayese okha.

Zomwe mwana akujambula zili ndi dzina, op art, ndipo anthu adya nazo moyo wonse. Victor Vasarely anajambula mbidzi ziwiri zopiringizana ndi mizere yokha yopanda mzere wozungulira thupi m'zaka za m'ma 1930, Bridget Riley wa ku London anayamba zakuda ndi zoyera zake cha mu 1961, ndipo mu 1965 ku Museum of Modern Art ku New York kunali chionetsero chachikulu cha zoterezi. Mwana amene angakhale maola awiri ndi rula kuchepetsa mabokosi pang'onopang'ono mpaka pepala lioneke lopindika ali ndi kuleza mtima ndiponso masamu m'mutu. Mugulireni kope lakelake asamathere la sukulu. Chenjezo langa lili pawiri. Amene amadwala khunyu kapena mutu waching'alang'ala asamayang'anitsitse mizere yothinana, kwa ena imadzutsa matenda. Ndipo ngati inuyo muona felemu ya chitseko yeniyeni ikupindika, kapena kung'anima ngati mphezi m'diso limodzi, kapena mdima ukutsika ngati katani, chimenecho si luso ayi, pitani ku chipatala cha maso ku UTH osachedwa.

*Ankolo ndikuphunzira zojambula pa koleji ina muno mu Lusaka. Ndinawerenga pa intaneti kuti asayansi anapeza kuti anthu akuda sitiona kuya kwa chithunzi, akuti perspective, njira yojambula zapafupi zazikulu zakutali zazing'ono kuti chithunzi chioneke chakuya, ndi ya azungu. Zandikhumudwitsa maningi mpaka ndikuganiza kuti mwina ndichifukwa chake imandivuta m'kalasi. Ndi zoona?*
Wophunzira, Kalingalinga

Mwanawanga funso lako ndalisunga masiku angapo chifukwa nkhaniyi imandikhudza, ndipo mbali ina inachitikira pafupi ndi kwanu komweko, kungowoloka kupita ku UNZA.

Zinayamba ndi William Hudson ku South Africa mu 1960. Anajambula mlenje atakweza mkondo, mphoyo kutsogolo kwake, ndi njovu yaing'ono pakati pawo itaima pa kaphiri, kutanthauza kuti ili kutali. Ankafunsa anthu kuti mlenje akulasa chiyani, ndipo chili pafupi ndi iye ndi chiti. Ambiri amene sanapite ku sukulu ankati njovu, poti pa pepala ndi yomwe inali pafupi ndi nsonga ya mkondo, basi nkhani inafala kuti Aafirika saona kuya. Koma Jan Deregowski amene ankagwira ntchito muno mu Lusaka m'zaka za m'ma 1960 anasintha kafunsidwe. Anapatsa anthu chojambula cha mabokosi olumikizana, timitengo ndi dongo loumbira, n'kuti pangani chomwe mukuona. Ambiri mwa omwe analephera mayeso a mlenje aja anamanga chinthu choimirira chokhala ndi kuya kwake. Maso anali omwewo, chinasintha ndi funso.

Kenako Robert Serpell, amene pambuyo pake anadzakhala Vice Chancellor wa UNZA, anachita chinthu chomwe ndimafuna mwana aliyense wa pa Zed achidziwe. Mu kafukufuku yemwe anatuluka mu 1979 anapatsa ana a ku Zambia ndi ana a ku England ntchito yokopera maonekedwe a zinthu, ndi pensulo pa pepala, ndi waya, ndi dongo. Pa pensulo a ku England anapambana. Pa waya a kuno anapambana. Pa dongo, lomwe onse ankalidziwa, anafanana. Iwe ganiza za mnyamata wa m'komboni akupinda galimoto ya mawaya, alibe pulani pa pepala, koma akudziwa kuti mawilo anayi akhale pa mzere, chiwongolero chachitali chikhotetse a kutsogolo, bodi ikhale ndi m'lifupi, m'litali ndi msinkhu, ndipo akakhota pa ngalande galimoto isagwe. Ameneyo ungamuuze kuti saona kuya?

Ndipo pali pena pomwe zinatembenuka. Chithunzi cha Müller-Lyer cha mu 1889 ndi mizere iwiri yofanana kutalika, wina uli ndi timivi toloza kunja wina toloza mkati, umodzi umaoneka wautali. Ofufuza Segall, Campbell ndi Herskovits atachiyendetsa m'maiko osiyanasiyana, mu zotsatira zomwe anasindikiza m'zaka za m'ma 1960, amene ananamizika kwambiri anali a ku America, pamene Asan a ku Kalahari sanapusitsike kwenikweni. Iwo anati mwina n'chifukwa chokulira m'nyumba za makona anayi, ndipo pa chifukwacho akatswiri amatsutsanabe, koma palibe anatulukapo n'kunena kuti Amereka ali ndi maso operewera.

Perspective ndi njira yophunzira ngati long division. Azungu nawonso sanabadwe nayo, Filippo Brunelleschi anaisonyeza ku Florence cha m'ma 1420 ndipo Leon Battista Alberti anailemba malamulo mu 1435, izi zisanachitike ojambula awo ankakulitsa munthu chifukwa cha udindo wake osati chifukwa ali pafupi. Aigupto kwa zaka masauzande ankajambula mutu cham'mbali, diso ndi chifuwa chakutsogolo, miyendo cham'mbali, chifukwa ankafuna chiwalo chilichonse chioneke mmene chimadziwikira bwino. Imeneyonso ndi nzeru, ikuyankha funso lina chabe. Ndipo perspective yeniyeniyo ndi bodza lokoma, pepala ndi lafulati, njanji sizikumana kutsogolo. M.C. Escher wa ku Netherlands anaonetsa poyera kuti ndi bodza mu 1960 pojambula masitepe okwera osafika pamwamba, ndi mu 1961 madzi ogwa n'kubwereranso okha pomwe anachokera, kona iliyonse payokha ili bwino koma zonse pamodzi sizingamangike. Escher yemweyo mbalame zake zosanduka nsomba anaziyamba atakopera matailosi a amisiri achisilamu ku Alhambra ku Spain, komwe anapita mu 1922 ndi 1936.

Ndiye Loweruka lino pita ku Kabwata Cultural Village ukanyamule dengu la Chitonga uliyang'ane pakati. Uona nyenyezi yakuda pa zoyera, ukaphethira uona masamba oyera pa zakuda, diso likulephera kusankha chakutsogolo ndi chakumbuyo. Edgar Rubin wa ku Denmark anatchuka cha mu 1915 ndi chikho chomwe chimasanduka nkhope ziwiri zoyang'anana, amayi oluka madengu amasewera ndi chinthu chomwecho ndi zala, akuwerenga mizere pamtima. Ukachoka apo ulowe ku Showgrounds ku Henry Tayali gallery ukaone mmene ojambula athu amapanikizira khamu la anthu pa nsalu imodzi. Tayali mwini wake, amene anamwalira mu 1987, ankadzaza anthu a m'mabala ndi m'misika mothinana mpaka umamva phokoso lawo.

Za m'kalasi chita izi. Pinda bokosi la waya, uliike pa tebulo, utseke diso limodzi, ulijambule. Ulitembenuze pang'ono ujambulenso, kakhumi patsiku. Kenako kaime pa Cairo Road m'mawa Lamulungu magalimoto asanachuluke, pakati pa mitengo paja, utambasule mkono ndi pensulo uyeze mtengo wapafupi ndi wachisanu, uone mmene mizere ya madenga ndi ya msewu ikuthamangira malo amodzi pa msinkhu wa diso lako. Pakatha mwezi undilembere.

*Ankolo ndinajambulitsa chithunzi cha malemu agogo aamuna kwa wojambula wina, chachikulu cha penti, tinapachika pa sitting room. Agogo aakazi akuti maso ake akuwatsatira kulikonse, akakhala pa sofa akuwayang'ana, akapita ku khomo la kukhitchini akuwayang'anabe, mpaka anachitembenuzira ku khoma. Wojambulayo anaikamo chiyani?*
Mdzukulu, Kaunda Square

Mdzukulu, sanaikemo kanthu koma penti. Munthu wamoyo ukamuzungulira nkhope yake imasintha, mphuno imabisa tsaya lina, choyera cha diso chimachuluka mbali imodzi, ndipo ubongo umadziwira pamenepo kuti sakuyang'ananso iwe. Chithunzi ndi chafulati, ukasuntha palibe chimasintha, kakuda ka diso kali pakati pomwe kanali, kadontho kowala kali pomwepo, ndiye ubongo umati akundiyang'anabe. Chithunzi chilichonse chomwe munthu anayang'ana mu kamera chimatero, olo cha pa NRC yanu, ingoyesani kuchiika pa tebulo muzungulire.

Koma agogo musawatsutse ndi sayansi, anakhala ndi munthuyo zaka zambiri ndipo maso amenewo amawadziwa kuposa tonsefe. Akhazikeni pansi muwasonyeze kalendala kapena chithunzi cha ukwati wa wina, aone kuti nachonso chimatsatira. Ngati mtima sukhazikikabe bwererani kwa wojambula ndi chithunzi china chomwe agogo aamuna akuyang'ana kumbali, kapena mumupemphe asunthe timaso takuda tija pang'ono kupita pakona ya diso, ndi ntchito ya ola limodzi. Akatero malemu aziyang'ana mbali imeneyo nthawi zonse olo muime pati, ndiye popachika musankhe khoma loti maso awo aloze ku windo kapena ku khomo lolowera alendo.